Chifuwa Chikatopa: Ulendo Wathu wa ku Mitundu ndi ku Nathenje

Mumpingo uliwonse muli anthu amene malo ao m'tchalitchi akhala opanda munthu kwa miyezi yambiri, chikhalirecho maliro ao sitinamve. Tikafunsa abale ao, atiyankha mwachidule kuti, “Ali kunyumba, ali ndi befu.” Ndipo ife tingogwedeza mutu, poyesa kuti ndi ukalamba umene ulibe mankhwala. M'mwezi wa Julaye chaka cha 2024 tinanyamuka ku Lilongwe kukazonda awiri mwa Akhristu oterewa, mmodzi kupitirira Mitundu, wina kufupi ndi Nathenje. Tinali atatu: awiri a ife olemba, ndi amayi ena a Chigwirizano amene anagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri asanapume. Amayiwa ndiwo anatikakamiza ulendowu, ndipo zambiri zimene tifotokoze pano za m'chifuwa cha munthu tinazimva kwa iwo, zina tili m'galimoto, zina titakhala pamphasa.

Msewu wa ku Mitundu upatuka pa msewu waukulu wa ku Dedza munthu akangotuluka mumzinda, nulunjika kumwera pakati pa minda yokololedwa kale. Tinaulowa dzuwa lisanakwere, chisanu chikali kuluma, ndipo oyamba kukomana nao anali a njinga za makala. Anali kubwera motsogozana ngati linthumbu, njinga iliyonse itasanjikiza matumba atatu kapena anai, mwini wake akukankha pachitunda thukuta lili kamukamu ngakhale kunali kuzizira. Ambiri a iwo anyamuka usiku kuchokera kumbali ya Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe uyambira, nkhalango imene boma linachita kutumizako asilikali m'chaka cha 2015 poopa kuti mitengo ingathe. Tisanafike n'komwe pa phiri la Bunda tinali titaleka kuwerenga njingazo. Kalembera wa anthu wa chaka cha 2018 anapeza kuti pa mabanja 100 alionse m'Malawi muno, 77 anali kuphikira nkhuni, 18 makala, ndipo awiri okha ndiwo anali kuphikira magetsi. Amayi namwino anayang'ana matumba aja nati, “Mtengo uliwonse umene wapsa, utsi wake wadutsa m'chifuwa cha munthu wina wake.”

Phiri la Bunda laima lokhalokha pachidikha, ndipo patsinde pake pali sukulu yaukachenjede ya zaulimi imene inayamba m'zaka za m'ma 1960. Tsikulo nsonga yake sinaoneke bwino, pakuti mwezi wa Julaye dziko lonse la kuno livala chifunga cha utsi: anyamata atentha tchire posaka mbewa, ndipo oumba njerwa ayatsa mauvuni ao. Pa Mitundu penipeni, m'dera la Mfumu Chiseka, sitinachedwe. Tinalambalala ngolo zodzaza mbatata ndi mtedza, tinadutsa zigayo ndi chipatala cha boma, nitisiya phula kulowa njira yafumbi.

Mudzi umene tinapitako ngwaung'ono, wa nyumba zofolera udzu ndi zigafa zimene fodya wake anali atapita kale kumsika. Agogo amene tinadzera tinawapeza pakhonde, msana atatsamira chipupa, manja atagwira maondo, mapewa akukwera ndi kutsika ngati a munthu amene wangotula mtolo wa nkhuni. Moni anatiyankha moduladula: “Ndili bwino... pang'ono... kaya inu... ana anga.” Awa ndi amayi amene zaka makumi anai ankayambitsa nyimbo pamaliro ndi pamisonkhano ya Chigwirizano, tsopano mau anai otsatizana anali kuwakanika. Mwana wao wamkazi anatiuza kuti patha chaka ndi theka asakugona chogona. Usiku akhala tsonga atatsamira thumba la chimanga, chifukwa akati agone pansi abanika.

Agogowa anadwala chifuwa chachikulu kawiri, ndipo kawiri konse anamwa mankhwala kufikira tsiku lomaliza, makhololo ao napezeka opanda tizilombo. Kuchipatala anawauza kuti achira, ndipo sanawanamize. Koma chifuwa chachikulu chili ngati moto wolusa: ngakhale uzime, mitengo yopsa siiphukanso yonse. M'mapapo mutsala zipsera, ndipo chipsera sichipuma. Si agogowa okha. Madokotala amene anayeza mapapo a anthu akuluakulu a mumzinda wa Blantyre, nalengeza zimene anapeza m'chaka cha 2016, anaona kuti anthu pafupifupi 40 mwa 100 alionse anali ndi mapapo osagwira ntchito mokwanira.

Tinapempha kuona khitchini. Ndi kanyumba kopanda zenera, ka mafuwa atatu pakati, ndipo mwaye uli lendelende kudenga ngati ndevu za mbuzi. Tinaimamo kanthawi kochepa moto wa zitsononkho ukuyaka, titatuluka misozi ili chuchuchu. Agogo anaphikamo zaka zoposa makumi asanu, kawirikawiri mwana ali kumsana. Tisanamizane, owerenga athu, kuti mbaula yamakono payokha ithetsa zonse. Ku Chikwawa ndi ku Karonga anagawa mbaula zochepetsa utsi m'midzi yambiri, natsatira ana oposa 10,000, ndipo zotsatira zake m'chaka cha 2016 zinaonetsa kuti chibayo sichinachepe, mwina chifukwa utsi wa m'mudzi uli ndi magwero ambiri. Komabe kuphikira panja nyengo yachilimwe, kuboola zenera, ndi kuchotsa khanda pamoto sizilira ndalama.

Tsono tinene chimene chinatilemetsa mtima koposa pakhomopo. Miyendo ya agogo inali yotupa kufikira m'maondo, ndipo munthu akadina ndi chala pankatsala dzenje. Pachichewa, munthu akamatsokomola, nawonda, natupa miyendo, akuluakulu sachedwa kutchula dzina la nthendayo: tsempho. Ndipo tsempho silibwera lokha, liyenera kukhala ndi mwini wake. Pakhomo pano mlandu unagwera mdzukulu wa agogo, mtsikana wa zaka 17 wa m'kalasi la ubatizo, amene ndiye ankaphika. Anamunena kuti ali ndi chibwenzi cham'seri, ndipo pothira mchere m'ndiwo wadula agogo ake. Anamuletsa kukhudza mphika. Tinamuona ataima kuseri kwa nkhokwe, akutiyang'ana ngati mlendo pakhomo pa amake.

Amayi namwino sanakangane ndi munthu. Anatulutsa m'chikwama kachipangizo kakang'ono kopanira pachala, kamene kayeza mpweya wa m'magazi, nayamba kupana chala cha malume a pabanjapo, amene ndiwo mwinimbumba. Panalembeka 97. Anapana cha mtsikana uja, atamuitana ndi dzanja: 98. Anafotokoza kuti munthu wabwinobwino akhala pa 95 kapena kupitirira. Atapana cha agogo panalembeka 84.

“Agogo, kodi mutu umakuwawani nthawi yanji?”

“M'mawa, mwana wanga... podzuka... ngati ndasenza mtsuko... usiku wonse.”

“Nanga masana tulo timakugwirani muli pakati pa nkhani?”

Mwana wao ndiye anayankha: “Ee, ngakhale mbamu ili m'manja.”

Tonsefe tidziwa kuchokera m'chaputala chachiwiri cha Genesis kumene mpweya wa munthu unachokera, koma ndife ochepa amene tidziwa mmene uyendera m'thupi. Tiyese kubwereza zimene amayiwa analongosola pamphasapo. Kupuma kuli ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndiyo kulowetsa m'magazi mpweya wabwino wotchedwa okosijeni. Yachiwiri, imene ambiri sitiiganizira, ndiyo kutulutsa mpweya woipa umene thupi lipanga pogwira ntchito, monga moto upanga utsi. Mapapo paokha sadzikoka. Chimene chiwakoka ndi nthiti pamodzi ndi mnofu waukulu wopingasa pansi pa mapapowo, ndipo izi zigwira ntchito ngati mvukuto wa amisiri osula makasu. Mapapo akauma ndi zipsera, kapena njira zake zikapanikizika, mvukutowo uyenera kukoka ndi mphamvu yaikulu usana ndi usiku, chaka ndi chaka, kufikira utalema. Masana munthu adzikakamiza. Koma akagona tulo kupuma kumachepa mwachibadwa, ndipo mpweya woipa uja uunjikana m'magazi usiku wonse. Ndicho chifukwa chake mutu uwawa m'mawa, ndi tulo tigwira munthu dzuwa lili pamutu. Mtima nao, umene uyenera kukankha magazi kupyola m'mapapo oonongekawo, ulema, ndipo madzi ayamba kutsalira m'miyendo.

Atatha anatembenukira kwa mwinimbumba uja mwaulemu, nati, “Malume, pa nkhani ya mchere simunalakwe kwenikweni. Mchere uchepe ndithu m'ndiwo za agogo, chifukwa umasunga madzi m'thupi. Koma dzanja louthira lilibe mlandu.” Malumewo anakhala chete nthawi yaitali, akukanda pansi ndi kamtengo. Ife sitiseka makolo athu. Zizindikiro anaziona bwino ndithu, chifuwa ndi kutupa zimayenderadi limodzi. Chimene anaphonya ndi gwero lake, ndipo kuphonya kumeneko kwaliza ana aakazi ambiri osalakwa.

Mmodzi wa ife anafulumira kunena kuti tsono mankhwala a agogo ndi okosijeni basi. Amayi namwino anapukusa mutu. Okosijeni athandiza ntchito yoyamba ija, koma sachotsa mpweya woipa. Ndiponso kwa wodwala wotere, okosijeni akachuluka mopitirira muyeso angachititse mpweya woipawo kukwera, munthu nagona tulo tosadzukanso. N'chifukwa chake madokotala kwa anthu oterewa afuna kuti nambala ya pachala ikhale pakati pa 88 ndi 92, osati kuithamangitsira ku 100. “Mvukuto ukatopa,” anatero, “umafuna dzanja lina louthandiza kukoka. Dzanjalo mukaliona ku Nathenje.” Tisanatsanzike tinapangana ndi mkulu wa mpingo wa deralo kuti apeze ngolo, agogo apite kuchipatala m'mawa mwake ndi buku lao la kuchipatala, kuti akawayeze mtima ndi chifuwa, ndi kuonanso ngati chifuwa chachikulu sichinabwerere.

Pobwerera kuphula tinakumbutsana kuti mau akuti okosijeni dziko lonse linawaphunzira m'mwezi wa Januwale chaka cha 2021, pamene mliri wa COVID-19 unadzaza zipatala, masilinda a mpweya nasowa. Pa 12 Januwale chaka chimenecho nduna ziwiri za boma zinamwalira tsiku limodzi, ndipo imodzi mwa izo, a Lingson Belekanyama, inali phungu wa dera la Msinja South, la kuno konkuno kumwera kwa Lilongwe. Mliriwo unapita, koma a befu la chaka ndi chaka anatsala pakhonde pomwe anali.

Tinabwerera mpaka pamphambano, nititenga msewu wa ku Dedza, kudutsa pa Nanjiri, kufika pa Nathenje dzuwa litapendeka. Kutsogolo kunali kuoneka phiri la Nkhoma, kumene amishoni anakhazikika m'chaka cha 1896, ndi kumene kuli chipatala chathu chimene chinayamba m'chaka cha 1915. M'mbali mwa njira tinaona amayi ndi ana akuswa miyala ya khwale ndi nyundo, nkhope zili mbuu ndi fumbi, opanda ngakhale kansalu pamphuno. Amayi namwino anangopuma mozama, osanena kanthu. Tanthauzo la kupumako tinalimva titafika kumene tinali kupita.

Mwini nyumba ndi mkulu wa mpingo wopuma, wa zaka zoposa 70. Anapita ku Joni ndi Wenela ali mnyamata, nagwira ntchito yoboola mwala pansi pa mgodi wa golide. Anali komweko pamene ndege yonyamula a m'migodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana pa 4 Epulo 1974, nipha Amalawi oposa 70, ngozi imene inachititsa Dr. Kamuzu Banda kuletsa kulemba anthu opita kumigodi. Njira itatsegukanso m'chaka cha 1977 anabwererako, kufikira inatsekeka kotheratu m'chaka cha 1988. Anabwera ndi njinga, wailesi ndi malata. Anabweranso ndi fumbi la mwala m'mapapo, limene silituluka, ndipo pambuyo pake chifuwa chachikulu chinapeza khomo lotseguka. Mapepala ao a kumgodi awasunga m'chitini kufikira lero, ndipo achita bwino. M'chaka cha 2019 bwalo lalikulu la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa ndalama zokwana marandi 5 biliyoni zolipira ogwira ntchito m'migodi ina ya golide amene anadwala nthenda ya fumbi kapena chifuwa chachikulu, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust ndilo linapatsidwa udindo wogawa ndalamazo. Ana a m'mabanja otere, musayatsire moto mapepala akale a abambo anu.

Chimene chinatidabwitsa n'chakuti bamboyu, amene mbiri ya chifuwa chake ikadayenera kuposa ya agogo aja kuipa, anatilandira ataimirira, natipatsa moni wathunthu wosadukiza. Mpweya ngwochepabe, sakwera chitunda, ndipo khasu analisiya. Koma maso ngoyera, miyendo njosatupa. M'chaka cha 2022 anali atafika poipa, akugona masana onse ndi kuyankhula zosokonekera, ndipo mwana wao wamwamuna amene agwira ntchito ku Johannesburg anawatenga kukaonana ndi madokotala kumeneko. Anawatenga magazi a pamtsempha wa padzanja kuti ayeze mpweya woipa uja, nawagoneka m'chipatala masiku angapo akuwayesa makina usiku ndi usiku, kuonjezera apa, kuchepetsa apa, kufikira anapeza muyeso wao. Anabwerera kumudzi ndi makinawo m'chikwama.

Amayi a pakhomopo anawatulutsa kuchipinda atawavundikira ndi nsalu yoluka, monga tivundikira mbale za Mgonero. Kukula kwake ngati wailesi yaing'ono. Kuchokera pa makinawo pali paipi yofewa, ndipo kumapeto kwake kuli masiki ya pulasitiki yophimba mphuno ndi pakamwa, yomangira kumutu ndi malamba. Makinawa sapanga okosijeni. Atenga mpweya wa m'chipinda momwemo naukankhira m'chifuwa. Nzeru yake ili pa mphamvu ziwiri. Munthu akayamba kukoka mpweya, makina amva, nakankha mwamphamvu kuti chifuwa chidzaze popanda mnofu uja kuvutika. Akayamba kutulutsa, makina afewetsa mphamvu kuti mpweya woipa utuluke, koma asiya yochepa yoti njira za m'mapapo zisatsekeke. Munthu akaiwala kupuma ali m'tulo, makina amuyambitsa okha. Motero mvukuto wotopa uja upeza woulandira usiku wonse, magazi ayera, ndipo m'mawa munthu adzuka ndi mutu wopepuka. Ambiri awatcha BiPAP. Palibe paipi yolowa kukhosi, palibe kuboola pakhosi. Wodwala angathe kuvula masiki yekha, nayankhula, namwa madzi.

Kuti anthu afike pa kabokosi kameneka panapita zaka zambiri. M'chaka cha 1928 ku Boston, m'dziko la America, a Philip Drinker ndi a Louis Shaw anapanga chimgolo chachitsulo chimene munthu ankalowamo thupi lonse, mutu wokha uli kunja, ndipo ena opuwala ndi poliyo anakhalamo zaka zambiri. M'chaka cha 1952 mliri wa poliyo utagwa ku Copenhagen, m'dziko la Denmark, makina anachepa, kotero kuti ophunzira udokotala mazanamazana ankasinthana usana ndi usiku kufinya matumba a labala ndi manja, kupumira odwala kudzera pa bowo la pakhosi. Anyamata ndi atsikana a m'mipingo yathu, taganizirani ntchito imeneyo. Kenaka m'chaka cha 1981 a Colin Sullivan a ku Sydney, m'dziko la Australia, anaonetsa kuti mpweya ungakankhidwe kudzera pa masiki ya pamphuno munthu ali m'tulo, ndipo zisanathe zaka khumi madokotala anayamba kuthandiza motero anthu a zifuwa zotopa kunyumba kwao. Ku Germany ndi ku Austria anatsatira odwala 195 a nthenda yokhalitsa yotseka njira za mpweya, amene mpweya woipa unali wokwera m'magazi ao. Zotsatira za m'chaka cha 2014 zinati pakutha pa chaka chimodzi, mwa ogona ndi makina anamwalira 12 pa 100 alionse, pamene mwa opanda makina anamwalira 33.

Koma musayese kuti n'zophweka. “Masiku oyamba ndinkawavula ndi kuwataya uko,” anatero bambo aja akuseka. “Zinali ngati kutulutsa mutu pawindo la basi yothamanga.” Pamphuno panatuluka chilonda chifukwa malamba ankamangitsa. Amayi atsuka masiki ndi sopo m'mawa ulionse, nayanika pamthunzi, ndipo kasefa ka fumbi akasintha kakada; zonsezi zikatha ziyenera kuchokera ku Joni. Ena m'mudzi, pomva kulira kwa makina usiku, anayamba kunong'onezana za anamapopa, kufikira Abusa anabwera ndi akulu a mpingo kudzaona, nakafotokoza okha pa Sabata.

Ndipo pali nkhani ya magetsi. Nyumbayi ili kufupi ndi msika, ndipo waya anafika, chinthu chimene nyumba zambiri za m'midzi ya kuno zilibe. Koma chaka chomwe makinawa anabwera ndicho chaka chimene namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, m'mwezi wa Januwale 2022, dziko nilitaya mamegawati pafupifupi 130 kufikira chaka cha 2023. Mwana uja anachita kugula sola ndi batire lalikulu. Amayi anatiuza za usiku wina wa mvula, mitambo itaphimba dzuwa masiku atatu, pamene batire linatha pakati pa usiku. “Ndinangomva zii. Ndinawadzutsa, n'kuwakhazika tsonga, n'kukhala nao mpaka tambala. Kuyambira tsiku limenelo palibe mwana amene amatchaja foni pa batire la abambo.” Tikaphatikiza makina, sola, batire ndi ulendo wa ku Joni, mtengo wake uposa khola la ng'ombe zingapo. Tili chikhalire pamenepo, maganizo athu anabwerera kwa agogo aja ndi thumba lao la chimanga.

Sikuti nzeru imeneyi njachilendo m'Malawi muno ai. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, madokotala monga a Elizabeth Molyneux ndi a Kondwani Kawaza, pamodzi ndi aphunzitsi ndi ophunzira a ku Rice University ku America, anayesa makina otsika mtengo othandiza ana obadwa masiku asanakwane. Anawapanga ndi timapampu ta m'mabokosi agalasi owetera nsomba, ndi botolo la madzi limene lichita thovu ngati likuwira, nawatcha dzina lachichewa lakuti Pumani. Awa ali ndi mphamvu imodzi yokha, yongoletsa timapapo ta khanda kufota. Zotsatira za m'chaka cha 2014 zinaonetsa kuti mwa ana oikidwa pa makinawa anapulumuka 71 pa 100, pamene mwa olandira okosijeni yekha anapulumuka 44, ndipo pambuyo pake Pumani anafalikira m'zipatala za maboma. Koma palinso phunziro lina lowawa. Ku Salima, pakati pa chaka cha 2015 ndi 2018, anayesa makina a mtundu womwewo pa ana 644 odwala chibayo choopsa, m'chipinda wamba chimene dokotala sankazungulira tsiku ndi tsiku. Mwa ana a pamakina anamwalira 17 pa 100, mwa a okosijeni yekha 11, ndipo kuyesako anakuimitsa. Makina omwewo amene apulumutsa pali maso owayang'anira, angavulaze pamene masowo palibe.

Tatchula zimenezi chifukwa cha nkhani imene mkulu wa mpingoyu anatiuza mau atatsika. Chaka chatha mnansi wao, Mkhristu mnzao wa zaka zambiri, anabwera usiku, chipewa chili m'manja, kudzapempha kuti abwereke makinawo masiku awiri okha, pakuti mkazi wake anali kubanika. “Ndinamukaniza,” anatero. “Ine amene ndakhala ndikuphunzitsa anthu za kugawana. Ndinamuuza kuti adokotala anandiletsa, ndipo tinamuthandiza kupeza galimoto ya kuchipatala. Koma mpaka lero akandipatsa moni sandiyang'ana kumaso.” Anatembenukira kwa amayi namwino. “Mayi, kodi ndinachimwa?”

“Iai, bambo, simunachimwe,” anayankha. “Muyeso wa makinawa ndi wa chifuwa chanu, monga magalasi a maso. Simunadziwe chimene chinkawabanikitsa mayiwo. Akadakhala ndi bowo m'papo, makinawa akadalikulitsa. Akadasanza ali ndi masiki, masanzi akadalowa m'mapapo. Akadakhala ndi chifuwa chachikulu, mukadachitengera m'paipi. Ndipo inu mukadakhala masiku awiri opanda mpweya. Galimoto ija ndiyo inali chifundo.” Bamboyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, koma sitinganene kuti mtima wao unakhazikika. Tilemba izi makamaka kwa inu amene muli ndi ana ku Joni ndi ku Ulaya, amene pokonda makolo ao angagule makina otere pa intaneti nawatumiza pa basi. Asanatumize, wodwala ayambe wayezedwa, ndipo papezeke dokotala wodziwa kuwatchera ndi kuwaonanso nthawi ndi nthawi.

Kunja kutada, banjalo linasonkhana kupemphera monga mwa chizolowezi, ndipo bambo ndiwo anatsogolera, ndi mau afupiafupi, akupumira pakati. Atatha, amayi analumikiza batire, nayang'ana ngati nyali yake ili yobiriwira, nathandiza amuna ao kumanga malamba, chala chimodzi atachilowetsa pansi pa lamba kuti lisathine. Makina anayamba kulira pang'onopang'ono, fuu, fuu, ndipo chifuwa chinayamba kukwera ndi kutsika mofatsa. Bambo anatikwezera dzanja kutsanzika, pakuti pakamwa panali patatsekeka.

Patapita masabata awiri mkulu wa mpingo wa ku Mitundu uja anatiimbira lamya. Ngolo inapezeka, ndipo agogo anakagona m'chipatala masiku asanu. Chifuwa chachikulu sichinabwerere. Anawapatsa mankhwala ochotsa madzi m'thupi ndi ena opopera m'kamwa, ndipo miyendo yaphwa. Amayi a Chigwirizano anakaboola zenera pakhitchini. Mtsikana uja wabwerera pamphika, ndipo malume ake ndiwo ayamba kumukumbutsa kuti achepetse mchere. Tinafunsa ngati agogo tsopano agona chogona. Anati iai, akugonabe atatsamira thumba lija.